Mphini za kwathu ku Unguja

Lachitatu, Juni 1908

Kwatentha, mtima uli zii. Bwana amene ndimamuphikira anandipatsa mpumulo, ndiye Salimu, mnzanga wakuno, anandizungulitsa mumzinda wa Sultani, pachilumba chino cha Unguja. Anandionetsa nyumba yachifumu, ndi tchalitchi chimene chili pomwe ankagulitsira akapolo.

Kwawo kwa Salimu, amayi ena okalamba anatibweretsera khofi. Anagwada n'kuwomba m'manja ngati kwathu ku Mphunzi, mphini zathu zili pamasaya. Ataona zanga ananong'ona m'chinenero chakwathu: "Bambo, ndinu a Phiri kapena a Banda? Masuku akubalabe kuphiri kuja?"

"Ameneyu anamugula agogo anga," anatero Salimu akuseka. "Ukumumva?"

Ndinayankha m'Chiswahili kuti sindikumva. Amayiwo anatola makapu, osandiyang'ananso.

Ndine Phiri. Azakhali anga anagwidwa ukapolo akutola masuku. Amayi aja dzina sindinawafunse.