Faines wakonza ntchito ya mkulu wa mpingo poyera

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Mvera, ndipo ndikulemba ndili wokwiya. Ndimatsogolera kagulu ka anthu ongodzipereka. Tikupanga pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi kuzindikira matenda a chimanga ndi fodya. Ndi yaulere, ndipo aliyense atha kuona momwe tinailembera n'kuikonza. Lamulo lathu ndi limodzi: chomwe munthu walemba sichilowa mpaka mnzake atachiwerenga, ndipo ndemanga zimalembedwa pa intaneti onse akuona.

Anthu atsopano amavuta kupeza. Wina akangodziwa pang'ono, ulendo ku Lilongwe. Ndiye Faines, mtsikana wa ku Chezi yemwe anamaliza sekondale n'kumangokhala, atayamba kubwera, ndinamulandira ndi manja awiri. Anayamba ndi kukonza timawu ta pamabatani, lero akulemba yekha zigawo zathunthu.

Tilinso ndi a Reinford, mkulu wa mpingo wa kwawo kwa Faines, omwe anapuma ntchito ya makompyuta. Ndi iwo anatipezera chipinda cha magetsi a sola chomwe timakumaniramo. Ntchito yawo achinyamata amangoivomera osawerenga, ati ulemu. Mwezi watha ndinapatsa Faines kuti aiwerenge. Anapeza kuti chigawo chawo chikusinthanitsa zithunzi za matenda awiri, n'kulemba kuti, "Apa pakufunika kukonza, mlimi angagule mankhwala olakwika."

A Reinford sanayankhe pa intaneti. Anapita kukadandaula kwa bambo ake a Faines, kenako anandiitana. "Mwana ameneyu wandivula pagulu," anatero. "Bwanji osatuma munthu, kapena kudzandinong'oneza? Afufute zimenezo ndipo apepese, apo ayi chipinda chija mutuluke." Pano makolo a Faines amuletsa kubwera.

Ine ndakana. Sindifufuta kanthu, ndipo Faines sapepesa pa ntchito yomwe ndinamutuma ndine. Chipindacho atenge, tizikumana pakhonde la nyumba yanga. Anzanga akuti ndili ndi makani. Kodi ndalakwa? Mtsikanayu sindikufuna kumutaya.

S.C., Mvera

A S.C.,

Makaniwo asungeni, ali pamalo pake. Ndemangayo isafufutidwe, ndipo Faines asapepese. Mukagonja kamodzi kokha, palibe wachinyamata adzawerengenso ntchito ya wamkulu, ndipo wolira adzakhala mlimi yemwe wapopera mankhwala olakwika m'munda mwake.

Koma inunso musadziyeretse. Mukudziwa bwino kuti kwathu kuno mwana sadzudzula wamkulu pagulu. Munkaona achinyamata akungovomera, inu muli chete. Kenako munakankhira kutsogolo wamng'ono wa onse kuti aswe mwambowo yekhayekha. Bwanji simunayambe ndinu, aphunzitsi?

Nyamukani mupite ku Chezi, zotumiza uthenga pafoni ayi. Khalani pansi ndi makolo a Faines, muwauze kuti mwana wawo sanachite mwano, anagwira ntchito yomwe munamupatsa. Kwa a Reinford musapite nokha, tengani mkulu mnzawo amene amamumvera. Ngati pali kupepesa, kukhale kwanu, ndipo pa chinthu chimodzi basi: simunawafotokozere kuti lamulo lija limakhudza ndi iwo omwe. Apempheni akonze chigawocho okha, dzina lawo lioneke pa ntchito yokonzedwayo. Munthu wamkulu mukamutsegulira khomo lotulukira ndi ulemu wake, kawirikawiri amadutsapo.

Mukatero lembani chigawo chanu, achinyamatawo achiwerenge poyera. Akakupezani polakwika, ndipo akupezani ndithu, thokozani pomwepo onse akuona. Watsopano aliyense, wa imvi kaya wa yunifolomu, aziona zimenezi asanalembe kanthu.

A Reinford akakanitsitsa, chipinda chipite, simufa nacho. Koma chenjerani, mkangano uwu musaumenyere pamutu pa mwana wa eni. Inu ndinu mphunzitsi, mawa atha kukusamutsirani ku Ntchisi nkhani n'kutha. Faines azikakhalabe m'tchalitchi chimodzi ndi a Reinford Lamulungu lililonse, mayi ake ali pambali pake. Mwandiuza zomwe ananena a Reinford, zomwe achita makolo, zomwe akunena anzanu, ndi zomwe mwatsimikiza inu. Zomwe akufuna Faines mwiniwake simunandiuze, ndipo ndikukayika ngati munamufunsa.