Sola ya Alamu Yang'aluka

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha koopsa lero.

Alamu anabwera masana thukuta lili kamukamu, akuti filiji ya m'butchala mwawo ikumazima dzuwa likafika pamutu. Sola yawo anaikhomera pamalata penipeni, osasiya mpata wodutsa mphepo, ndiye ikatentha imafooka. Yanga ndinaikweza pamatabwa, ndipo iwowa anandiseketsa pa Malomo ponse, amvekere ndamangira nkhunda khola.

"Alamu, ndiithire madzi apachitsime kuti izizire?" anandifunsa.

"Sola ndi yanu," ndinatero.

Ndimadziwa bwinobwino kuti galasi lotentha choncho silifuna madzi ozizira. Kung'aluka kwake ndinakumvera pakhonde panga.

Nyama angoyigawa isanawole. Achemwali anga, akazi awo a alamuwo, andibweretsera chiwindi, maso ali ofiira. Ndakazinga ndi anyezi. Chinakoma.