Injiniya Wopanda Injini

Ama, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Mwana wanu Esinati anachira, mdzukulu wanu ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mawu anatengeranso inu, akayamba kulira amamveka mpaka kumsewu. Chinangwa chimene munasiya m'munda wa kumtunda kwa Chikale chabereka bwino. Denga la khitchini lokha likudonthabe, alamu akungoti mawa.

Ine ndiye mtima suli m'malo. Ndalembetsa usilikali, Ama. Musandikalipire kaye. Sindinaiwale zimene munandilumbiritsa muli pamphasa paja, kuti ndisadzanyamule mfuti ngati Ada, amuna anu, amene anatsala ku nkhondo ya ku Burma. Ndinkayesa ndapeza pozembera. Olemba asilikali atafika paboma, mzungu wawo anati ife amene tinafika Sitandade sikisi tisankhe ntchito yokaphunzira: ukalaliki, zachipatala kapena uinjiniya. Atangoti injiniya, ine mkono unali kale m'mwamba. Mukudziwa mmene ndinkathawira ntchito ya kumunda sitima ikakocheza padoko, kukasirira anthu a mafuta m'manja aja. Ndinati ndizikakonza mainjini kumbuyo, anzanga akuomberana kutsogolo.

Ndinapita kukadzitama kwa asibweni, mlongo wanu uja, pamsika pomwe amagulitsa usipa. Paja iwo nkhondo anaiona ndi maso. Sanaseke. Anaika pansi mbale yoyezera. Kenaka anandiuza kuti injiniya wa ku nkhondo injini saiona. Ndi uja amatsogola onse, chokwawa ndi mawondo, akubaya nthaka ndi kachitsulo kufunafuna mabomba amene adani akwirira, kuti anzake adutse. Akalipeza amalifukula ndi manja. Iwo ankaguba kumbuyo kwa anthu otere, ndipo mmodzi anachita kumutolera m'bulangete. Anawonjezera kuti masiku ano anyamata akuwatumiza ku Malaya.

Ndinabwerera kuboma kukapempha kuti andisinthe, koma sajeni anangoseka, nati dzina likalowa lalowa. Sitima ikabwera ulendo uno tikwera. Ndikuopa, Ama, ndikuopa zedi. Ndikamayenda, ngakhale pabwalo pathu pomwe, phazi limazengereza kuponda. Esinati sindinamuuze. Iye ali kalikiliki kuuza anthu kuti mlongo wake akayendetsa makina a boma.

Dzulo ndinapita kukakumba chinangwa chanu chija, ndipo mawu anu anandipeza komweko. Ndikamatema chinangwa ndi khasu munkandilanda, n'kunena kuti, "Chapansi sachithamangira, Yotamu. Fukula ndi zala, chikuuza chokha pamene chagona." Ine ndinkati mukungondichedwetsa. Dzulolo ndinataya khasu, ndinagwada, n'kufukula phata lonse ndi zala. Chonse chinatuluka chathunthu, popanda ndi bala lomwe.

Mfuti mwina akandipatsa ndithu, pamenepo sindingakunamizeni. Koma ndikulonjeza kuti pa nthaka ya eni sindikathamanga, ndikafukula monga munandiphunzitsira. Mukawaona Ada muwauze asandiyalire mphasa msanga. Ndikufuna ndidzabwere ndi zala zonse, ndidzafolere denga lija.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu