Phiko la nkhwazi pamsana pa njovu

Lachinayi. Tsiku loipa, mlomo watupa.

Pamsika wa Chawama ndinaona ndalama yachitsulo ya 50 ngwee m'mbale ya mayi wa tomato. Pamsana pa njovu ya pandalamayo pankaoneka phiko la nkhwazi ya kuseri, chipsera cha zidindo zogundana posula. Ndalama zotere ndimasunga m'kachitini. Ndinaikapo kwacha yathunthu, n'kutola 50 ngweeyo.

Mayiyo anakuwa: "Ni chitaka! Aba batate bafuna ndalama zanga zibakonkhe, zibalondole na mankhwala!"

Amuna a mawilibala sanafunse. Anandigwetsa, nsapato m'nthiti, wina njerwa paphewa. Ndalamayo ndinaiponya m'kamwa n'kuluma.

Dzino lathyoka. Ndaitsuka magazi, ndayang'ana katatu ndi galasi lokulitsa. Dzinolo lakanda penipeni pa phiko. Mawa ndiyang'anenso padzuwa, mwina sipanalowe kwambiri, mwina...