Galimoto ya Abambo Yasiya Kunjenjemera

Matundo, Tete
Agosto 2024

Okondedwa Amayi,

Ndagwada pokupatsani moni. Kodi mwadzuka bwanji ku Mualadzi? Nanga mwendo uja udatupa nthawi yokolola, waphwa? Ife kuno tili bwino. Apongozi anu a Rafael akupita kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo mdzukulu wanu Talandira wagweluka mano akutsogolo, moti akaseka timaseka naye tonse.

Idesi mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi kalatayi. Werenga pang'onopang'ono, ndipo usalekeze panjira ngakhale akuuze kuti zakwana. Ndalemba dala m'malo moimba foni, chifukwa pafoni ndikangotchula galimoto amayi amayamba kundifunsa ngati Talandira wadya.

Kuno kutentha kwayamba kale. Madzi akumatuluka m'mipope m'mawa mokha, ndiye timadzuka ndi zidebe. Malonda a tomato akuyenda, kungoti dzuwa likumandilanda ena asanagulidwe.

Tsopano ndinene za galimoto ya abambo. Chimwalirire iwo chaka chatha ili kuno kwa ine, popeza mudati simufuna kuiona pabwalo. Ndi imene ndimakatengera tomato kwa alimi. Matenda ake aja sadasiye. Ikamathamanga imayenda bwinobwino, koma ndikangoima, injini imayamba kukwera ndi kutsika ngati munthu wa befu, chiwongolero chikugwedezeka m'manja, kenaka zii, yazima. Ndi zomwe idachita tsiku lija pamphambano, achimwene a Clifford akuthamangira ndi abambo kuchipatala, inu muli momwemo. Ndikudziwa kuti kuyambira pamenepo mumati galimoto idakana kunyamula mwini wake, ndipo kunjenjemerako ndi abambo amene sanagone bwino kumene ali.

Mwezi wathawu idandizimira pakati pa mlatho wa Zambezi, tili pamzere kumbuyo kwa malole. Am'mbuyo adayamba kuliza mahutala, Talandira adayamba kulira, mpaka anthu oyenda pansi adandithandiza kukankha. Titafika kunyumba a Rafael adati tingoigulitsa isanativulaze. Sadanene mwaukali, ndipo sindidawatsutse. Ndidangowapempha kuti andilole ndikaonane kaye ndi a Abílio.

A Abílio mukuwakumbukira, anzawo a abambo aja adaphunzira nawo kukonza injini za chigayo ku Ukwimi, muli kothawa nkhondo ku Zambia. Pano ali ndi ofisina yawo yokonzera magalimoto pansi pa mtengo wa msawu, kufupi ndi kwathu kuno. Tsitsi lonse layera. Ataiona galimoto adaizindikira ndisananene kanthu. Adaika dzanja pachitseko, kenaka adafunsa za inu.

Ndidawafotokozera zonse. Iwo adati injini imakhala ndi moyo chifukwa cha moto, mafuta ndi mpweya. Adati ikamathamanga imamwa zambiri, ndiye cholakwika chaching'ono chimabisala, koma itaima imamwa pang'ono, moti kanthu kochepa kamaisokoneza. Adandiuzanso kuti ndisachoke, ndione ndekha, poti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tidayamba ndi moto. Injini ikulira, adazula mawaya a mavela limodzilimodzi. Mavela ndi timapulagi tija timayatsa moto m'kati. Adati waya amene ukamuzula injini osasintha kaliridwe, ndiye kuti vela lake ndi lakufa. Koma aliyense amene adazula, injini idatsimphina kwambiri, kusonyeza kuti onse ngamoyo. Waya womaliza adawagwira ndi magetsi, adalumpha n'kutukwana m'Chinyungwe, ine ndidaseka mpaka misozi. Atamasula mavelawo adandionetsa nsonga zake, zoyera ngati phulusa. Adati zimenezo zikutanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri koma mafuta a gazolina ochepa.

Ndiye tidapita ku mafuta. Adatsegula karburadori, kachipangizo kosakaniza gazolina ndi mpweya, n'kutsuka timabowo take. Sefa ya mpweya nayo idali itadzaza fumbi lofiira, la kwathu lenileni. Titabwezera zonse, injini idalira bwino kanthawi, ine mtima udayamba kukhala m'malo. Itangotentha, kunjenjemera kuja kudabwerera. Ndidapita kunyumba nditafooka, Amayi, ndipo ndisabise, ndidayamba kuganiza kuti mwina inu mukunena zoona.

M'mawa mwake ndidabwererako. Ndidawapeza a Abílio atadula kachidutswa ka paipi yothirira maluwa. Adati ngati mpweya ukuchuluka pamene njira yake yeniyeni ndi yoyera, ndiye kuti ukulowera pena pake mwakuba, ndipo malo otero amalira. Adaika mbali imodzi ya paipiyo kukhutu, ina n'kumayendetsa pa injini. Adayesa, adayesanso, kenaka adapukusa mutu n'kundipatsa.

"Arminda, makutu anga adathera kuchigayo. Mvera ndiwe."

Poyamba ndidangomva phokoso lokhalokha. Ndidayendetsa paipiyo pang'onopang'ono monga adandiuzira, kutsogolo, m'mbali, mpaka kuseri kwa karburadori, kumunsi kumene diso silifika. Kumeneko ndidamva kamluzu kakang'ono, psii, ngati tayala la njinga likaponda minga. Ndidapisako dzanja. Ndidakhudza kapaipi ka mphira konenepa ngati chala, ndipo kadali kokulungidwa ndi chinthu.

Amayi, idali mphira ya chubu cha njinga. Ndipo mfundo yake idali ya abambo, ija ankamangira matumba a chimanga pakaliyala, yopinda nsonga n'kuilowetsa kunsi kuti isamasuke. Ndidaidziwa ndi zala ndisanaione. Kapaipi kadang'ambika kalekale, iwo adakamanga, koma kutentha kwa injini kudaumitsa mphirayo mpaka nayonso idasweka.

A Abílio adandiuza kuti nditseke mng'aluwo ndi chala chachikulu. Nditangotseka, injini idakhala phee, ikulira mofanana ngati mwana amene wapatsidwa bere. Nditachotsa chala idayambanso kunjenjemera. Ndidatseka, idaleka. Ndidabwereza kangapo, osakhulupirira kuti chinthu chimene chatisautsa chonchi chikugonja ndi chala changa.

A Abílio adavula chipewa. Adati, "Mnzangayu adadziwa pamene pali bala. Adamanga kuti imufikitse kuno adzagule katsopano. Adangochedwa kufika."

Ndidakhala pa tayala lakale n'kulira, iwo osandiletsa. Mphira ija sadaidule ndi mpeni. Adaimasula ndi zala, pang'onopang'ono, ngakhale inkaphwanyika, n'kundipatsa m'manja. Ndaisunga m'kachitini. Mukadzafuna kuigwira ndidzakupatsani, mukadzakana sindidzakukakamizani.

Adaikapo kapaipi katsopano, n'kupotoza pang'ono kasikuluwu kolinganiza kaliridwe ka injini. Kuyambira tsikulo ndaoloka mlatho uja nthawi zambiri, ndaima pamizere dzuwa likuswa mtengo, ndakwera zitunda nditadzaza tomato, koma siinazimepo. A Rafael adaiyesa okha, ndipo za kugulitsa sakuzitchulanso.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze nsembe ya ufa imene amalume adathira galimoto isanachoke pakhomo. Idali yoyenera, ndipo ine ndidagwada nawo. Sindikunenanso kuti ikadapanda kuzima tsiku lija abambo akadachira. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Chimene ndikunena ndi chimene ndamva ndi khutu langa ndi kugwira ndi chala changa. Galimoto siidawakane abambo, ndipo abambo sakutikwiyira. Kadali kapaipi kong'ambika, kamene iwo eni adayesetsa kukamanga kuti ife tiyende.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Idesi adandiuza kuti ng'ala yakula m'maso anu onse awiri. Akuti mudapsa dzanja posaona pamene pali mphika, ndipo popita kuchitsime mudagwera m'ngalande. Musamukalipire, ndine ndidamuumiriza kunena. Ndidakafunsa kuchipatala kuno, ndipo adotolo a maso adati ng'ala yotere amachotsa, munthu n'kuonanso, koma ayenera kukuonani kaye. Ulendo wa chapa, minibasi zija, simungauthe ndi mwendo umenewo, poti mpaka muyende pansi kukafika kumsewu waukulu. Ndiloleni ndibwere ndi galimotoyi kudzakutengani mvula isanawononge msewu.

Sindidzakukhazikani kumbuyo, kumene mudawapakata abambo. Kumeneko kudzakhala Idesi ndi katundu. Inu mudzakhala kutsogolo, pafupi ndi ine. Mukadzati tiime, ndidzaima, ngakhale pakhale pathengo, ndipo tidzakhala pamenepo mpaka mtima wanu udzati tipite. Talandira akuti akufuna muone pamene pagweluka mano ake ena asanamere, ndiye musachedwe kuyankha. Uzani Idesi andiimbire, mawu amodzi okha akwanira.

Mundiperekere moni kwa amalume a Domingos ndi akazi awo, kwa azakhali a Ermelinda, ndi kwa alamu anga a Shyreen pamodzi ndi ana. A Rafael akuti akupereka moni atagwada. A Abílio nawonso akuti moni wambiri.

Achimwene a Clifford muwaitane, Idesi awawerengere kalatayi kuyambira pamwamba, ali pansi pafupi ndi inu. Ndidamva kuti chichitikire zija sanagwirenso chiwongolero, ndipo amauza anthu kuti ndiwo adazimitsa galimoto chifukwa cha mantha. Muwauze inu ndi pakamwa panu, Amayi, chifukwa ine sangandimvere, kuti silidali phazi lawo.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzaimike galimoto pabwalo panu.

Ndine mwana wanu,
Arminda