Foni ya mphatso ikundimaliza maso, bambo akuti ndikunama

Aphungu,

Ndalemba zitandifika pakhosi. Ndine telala, ndimasokera m'kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa nyumba yathu. Makasitomala amanditumizira zithunzi za madiresi pafoni, ine n'kuitsamiritsa pachitini cha mabatani, kumayang'ana uku ndikudula nsalu.

Bambo a kunyumba anandigulira foni yatsopano, yakale n'kupatsa mchemwali wawo osandifunsa n'komwe. Ndinathokoza ndithu. Koma iwo anamva kwinakwake kuti kuwala kwa foni kumapha maso, ndiye m'mawa uliwonse asanapite kuntchito amatsitsa kuwalako mpaka pansi penipeni. Akapeza ndakweza, madzulo onse ndi mlandu.

Chiyambireni zimenezi maso amandiyabwa ngati mwalowa mchenga, misozi ili chuchuchu, mutu kuwawa mpaka m'khosi. Sabata yatha ndinalakwitsa khosi la diresi la mkwatibwi chifukwa chithunzi sichinkaoneka bwino. Amayi ake anandiyalutsa pamaso pa anthu: "Ngati mwakalamba, mayi, mungotiuza tipite kwina." Panopa akufuna kundilanda madiresi a operekeza mkwatibwi, ndipo mbiri ikangoipa, ntchito yanga yatha.

Nditadandaula, bambo anati, "Inetu ndimayang'ana foni yomweyi, sindimva kanthu. Mukungofuna kunyoza mphatso yanga." Aphungu, zinandiwawa. Ndiname za maso anga omwe kuti ndipeze chiyani? Nanga yakale ija, bwanji ndinkaichepetsa kuwala osandivuta?

Ndine wokwiya,
Mayi T.K.

Mayi T.K.,

Kwiyani ndithu, inenso magazi andiwira powerenga. Mutu ukuwawawo ndi wanu, bambo sangakumvereni ululu wake.

Simukunama ayi. Mafoni sachepetsa kuwala mofanana. Ena amangofooketsa nyali yake, kuwala n'kukhalabe kodekha. Ena amathimathima mothamanga kwambiri moti diso silizindikira, ndipo mukatsitsa kuwala, nthawi yothima ndiyo imachuluka. Anthu ambiri samva kanthu, koma ena maso amatopa, mutu n'kuyamba. N'kutheka kuti foni yanu yakale inali ya mtundu woyamba, yatsopanoyi ya mtundu wachiwiri. Onjezerani apo kutong'ola maso tsiku lonse kufunafuna msoko pachithunzi chamdima, masana dzuwa likuswa mtengo. Maso ake ati angapirire zimenezo?

Bambowo musalimbane nawo ndi pakamwa pokha. Tsitsani kuwala monga amachitira iwowo, mutsegule kamera ya foni yawo, muloze pagalasi la foni yanu. Mukaona mizere yakuda ikuyenda, ndiko kuthimathima kuja, ndipo aone ndi maso awo amene amati savutawo. Mizere ikapanda kuoneka musagwe ulesi, si kamera iliyonse imene imaigwira.

Zikatero kwezani kuwala kufanane ndi m'chipinda chanucho, osati kothobwa m'maso, osatinso kwa mdima. Fufuzani m'masetingi, mafoni ena ali ndi pochepetsera kuthimathima. Chithunzi muzichikulitsa ndi zala m'malo mochiyandikiza pamphuno. Sitayilo ikakhala yovuta, ijambuleni papepala, foniyo muiike pambali. Ndipo mukamaliza msoko wautali, imikani makina muyang'ane patali pazenera lija.

Chenjezo langa nali: musaunjike milandu yonse pafoni. Munthu wolowetsa ulusi pasingano tsiku ndi tsiku amafunika kupimitsa maso. Ululu ukapitirira mutakweza kuwala, thamangani kuchipatala cha maso, mwina mukufunika magalasi. Mankhwala odonthetsera ogula m'njira asakunyengeni.

Za bambowo, ndikuvomera kuti anayamba ndi chikondi, koma chikondi chimene sichimva munthu akamalira chasanduka ulamuliro. Akhazikeni pansi mwaulemu, koma osaseka, muwauze asankhe chimodzi: foniyo akupatseni ndithu ikhale yanu, kapena aitenge. Musalole kuchita khungu pofuna kuoneka woyamika.

Aphungu