Kanjinga Kakang'ono ndi Malo Achiwiri Pamzere

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 61. Ndaphikira ana a sukulu ya pulayimale kuno ku Kearney kwa zaka makumi atatu, ndipo nditapuma pantchito chaka chatha ndinagula njinga yamoto. Ndi kakang'ono, ka injini ya 350, katsopano koma kopangidwa mwachikale: nyale imodzi yozungulira, thanki yobiriwira, mawilo a masipoko. Ndikakaimika pasitolo, madala amabwera kudzandiuza kuti bambo awo anali ndi kotere. Ine sindiwatsutsa.

Ndinalowa gulu la okwera njinga la m'tauni muno. Tilipo khumi ndi awiri, ndipo anzanga onse ali ndi zinjinga zikuluzikulu, zina mpaka za wailesi ndi poika kapu ya khofi. Kanga anakapatsa dzina loti Makina Osokera. Sindidandaula, kamaliradi choncho.

Chaka chilichonse mu Juni gululi limapita ku Laramie, m'chigawo cha Wyoming, mamailosi oposa 350 pamsewu waukulu wa I-80, ndipo chaka chino ndikufunitsitsa kupita nawo. Chibadwire sindinatulukepo m'chigawo chathu cha Nebraska ndikuyendetsa ndekha.

Tikamayenda, ine ndimakhala kumapeto kwa mzere kuti ndisachedwetse anthu. Ndi mmene ndinaleredwera. Ngakhale kusukulu kuja ndinkadya ana onse atakhuta. Mnzanga Lorna Kimmel, yemwe udindo wake m'gululi ndi kutsekera kumbuyo, ndinamuchonderera mpaka anandilola kuti ndizikhala kumbuyo kwake.

Loweruka lapitali tinayeserera ulendowu popita ku North Platte. Mphepo inkachokera kutsogolo. Ndinapotokola moto mpaka kumapeto, koma singano ya liwiro inakakamira pa mamailosi 58 pa ola, anzanga n'kumachepa m'maso mwanga mpaka kusanduka timadontho. Kenako lole yaikulu inandidutsa, ine n'kulowa kumbuyo kwake, pafupi ndithu. Aphungu, zinachitikazo sindikuzimvetsa mpaka lero. Mphepo inangoti zii. Kanjinga kanapepuka, singano n'kukwera yokha kufika pa 70, moto ndisanaupotokole wonse. Anzanga aja anali atachepetsa liwiro kundidikira, choncho lole inawadutsa onse, ine ndili kumbuyo kwake. Ndinawabayibitsa.

Titaima kuti tidye chitumbuwa chotchedwa payi ku North Platte, palibe anaseka. Mtsogoleri wathu, a Arlen Petrasek, anati, "Bernie, payiyo idyani modekha, poti sindikudziwa ngati mudzadyenso ina." Lorna anati, "Iwe, dalaivala uja akanangoyetsemula, bwenzi tikukutola ndi tsache." Kenako a Arlen anati, "Ku Laramie muziyenda wachiwiri, kumbuyo kwanga kwenikweni. Apo ayi mukwera galimoto yonyamula zikwama limodzi ndi akazi anga." Ndinati, "A Arlen, ndili ndi zidzukulu zinayi ine. Si ine mwana woti ndizigwira malaya a aphunzitsi." Iwo anangopukuta pakamwa n'kunena kuti, "Mundiyankhe pofika Lachisanu."

Ndiye ndili ndi mafunso. N'chiyani chinachitika kumbuyo kwa lole kuja, ndipo n'choopsadi mmene akunenera? Nanga malo achiwiriwa, si njira yondiuza mwaulemu kuti kanjinga kanga sikoyenera ulendowu? Galimoto ya zikwama sindikwera. Koma sindikufunanso kuti anthu khumi ndi mmodzi azikwawa tsiku lonse chifukwa cha ine.

B.V., Kearney

Mayi B.V.,

Tiyambe ndi za lole, poti zikuoneka kuti zakusangalatsani kuposa mmene zakuopserani.

Palibe matsenga. Mukafika pa 60, ntchito yaikulu ya injini yanu si kunyamula inuyo koma kukankha mphepo. Munthu atakhala mowongoka pa kanjinga kopanda galasi lotchinga, jekete litafufuma, amakhala ngati chitseko choyenda. Lole imang'amba mphepo ija n'kusiya kumbuyo kwake thumba la bata, ndipo mpweya wa m'thumbamo umathamangira kutsatira loleyo. Mukalowamo, ntchito ya injini yanu ikugwiridwa ndi wina.

Ine izi ndinaziphunzira kukoleji, pabolodi, ndipo monga munthu wophunzira ndinapita kukaziyesa ndi thupi langa. Ndinali ndi kanjinga kocheperapo kuposa kanu, ndikudzimva wanzeru kumbuyo kwa lole yonyamula ng'ombe. Pamsewu panali chidutswa cha tayala, chachitali ngati munthu. Dalaivala anachiona patali, n'kuchidutsitsa bwinobwino pakati pa mawilo ake. Ine ndinachiona chikutuluka pansi pa loleyo, ndipo nthawi imene ndinali nayo inangokwanira kutsegula pakamwa. Dokotala amene anandilumikiza phewa anandifunsa kuti, "Paja mwati munaphunzira chiyani kukolejiko?" Phewalo mpaka lero limalosera mvula kuposa a zanyengo. Choncho inde, n'choopsa mmene akunenera, ndipo Lorna wakunyengererani.

Tsopano za malo achiwiri. Apa, mayi, ulemu wanu ndi umene wakupusitsani. Kumapeto kwa mzere si malo a munthu wochedwa, ndi malo a munthu wothamanga kwambiri. Mukaone magalimoto pamaloboti. Nyale yobiriwira ikayaka, woyamba amanyamuka mwachifatse, wachiwiri amachedwa pang'ono, wachitatu pang'ononso, ndipo wakhumi akamadzanyamuka amayenera kuthamanga kuti atseke mpata. Mzere wa njinga umatamuka choncho tsiku lonse. A Arlen akakhala pa 62, wakumapeto amafunika 75 pafupipafupi kuti asatsale. Inu munatenga njinga yofooka kuposa zonse n'kuipatsa ntchito yolemetsa kuposa zonse, kenako n'kudabwa kuti mukupempha thandizo kwa malole.

N'chifukwa chake magulu ambiri odziwa kuyenda amaika wochedwa kumbuyo kwa mtsogoleri. Mtsogoleri amakuonani pagalasi, liwiro lanu limakhala liwiro la onse, ndipo mzere suduka. Si chilango. Akanafuna kukusiyani, a Arlen akanakulolani kukhala kumapetoko, msewu n'kuwathandiza kukutayani popanda wina kulankhula mawu oipa. Ndiponso musawamvere chisoni kwambiri anzanuwo. Munthu amene ali ndi wailesi ndi kapu ya khofi panjinga yake sakufulumira kupita kulikonse. Zodya pomalizira zija zinali zabwino kukhitchini, pano zikuvutitsa Lorna, yemwe sangatseke kumbuyo pamene kumbuyo kwake kuli munthu.

Kanjingako kakafika ku Laramie? Kakafika, mukapanda kukanamizira kuti ndi kakakulu. Sabata ino pitani nokha pamsewu womwewo, tsiku la mphepo, muyende ola lathunthu chakumadzulo. Pezani liwiro limene kamagwira moto usanathere, loti mukafuna kuzemba chinthu muzikhala ndi kotsala m'dzanja. Mwina ndi 60, mwina 57. Nambala imeneyo ndi imene mukawauze a Arlen, osaonjezerapo zisanu chifukwa cha manyazi. Apempheninso kuti gulu liziyenda mbali ya kumanja, ndipo pakakhala podutsa galimoto ina, aziyamba aona ngati inu mungakwanitse.

Injini yaing'ono ikalira mokweza maola ambiri imatha kumwa oyilo. Muziyang'ana oyiloyo nthawi iliyonse mukaima kumwetsa mafuta, ndipo botolo laling'ono likhale m'chikwama. Tcheni ndi mpweya wa matayala muone m'mawa musananyamuke. Gulani totseka m'makutu, chifukwa chimene chimatopetsa munthu paulendo wautali ndi phokoso la mphepo m'chipewa. Muziima pakatha mamailosi 80 aliwonse, ngakhale thanki isanapemphe, poti manja anu adzakhala akunjenjemera kale ngati mwakhala mukusefa ufa. Katundu wolemera mpatseni mkazi wa a Arlen. Galimotoyo mwakana kukwera inuyo, zikwama zanu sizinakane.

Mukadutsa tauni ya Cheyenne, chakufupi ndi Laramie, msewu umakwera kwambiri, mpweya umapepuka ndipo mphepo ya Wyoming ilibe ulemu. Kanjingako kadzafooka pamenepo. Sikanawonongeke ayi. Tsitsani giya imodzi, musiye kazilira. Ndipo ngati tsikulo mphepo idzakhale yoti ikukukankhani kuchoka pamzere wanu, uzani gulu kuti mupatukire pamsewu wakale wa 30, umene umayenda moyandikana ndi waukuluwo mbali yaikulu ya Nebraska. Mudzachedwa, koma mudzaona matauni amene anzanu akhala akuwadutsa zaka zonsezi osadziwa kuti muli anthu.

Aimbireni a Arlen lero, musadikire Lachisanu, muwauze kuti malowo mwawalandira. Akamva nambala yanu n'kunena kuti gulu silingatsike mpaka pamenepo, ndiye kuti funso lanu layankhidwa moona, ndipo mukhoza kupita ku Laramie tsiku lina ndi Lorna, awiriwiri. Koma ndikukayika kuti adzatero. Munthu wofuna kukusiyani sakupatsani malo oti azikuonani mphindi iliyonse.

Chimodzi chokha ndikuletsani, kaya muli pagulu kaya muli nokha, kaya mwatsalira bwanji. Kumbuyo kwa lole musadzabwerereko. Kuli bata, ndavomera, ndipo singano imakwera mokoma. Koma kumeneko woona msewu ndi dalaivala wa lole yekha, ndipo iye sakudziwa n'komwe kuti muliko.

Aphungu